Akufa Ali Pamthunzi, Amoyo Tikupsa ndi Dzuwa

Munthu wofuna kudziwa mitengo imene inkamera ku Bvumbwe nkhwangwa isanalowerere asadzivute ndi kupita ku ofesi ya zankhalango. Angopita kumanda. Mukaima m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo n'kuponya maso, muona minda ya chimanga, madimba a kabichi ndi tomato, ndi mizere ya bulugamu. Kenaka muona kankhalango kamodzi kothithikana, kobiriwira ngakhale mu Okutobala. Simufunsanso, mukudziwa kale kuti pamenepo pagona anthu. M'midzi yambiri manda ndiwo malo okhawo amene atsala ndi mitengo yachilengedwe yokula pamodzi monga idalili kale. Ndiye kuti ife monga mtundu tidagwirizana, ngakhale sitidakhalepo pansi, kuti mthunzi wabwino ukhale wa akufa. Ana asukulu aziimba nyimbo yafuko padzuwa, amayi azidikira sikelo padzuwa, ogulitsa ndiwo pamsika azidziphimba kumutu ndi chiguduli.

Mfundo yanga ndi iyi. Pasukulu iliyonse, patchalitchi, pamzikiti, pachipatala, pamsika ndi pamjigo pakhale kankhalango kakang'ono ka mitengo yathu yachilengedwe, yodzalidwa mothithikana ngati ya kumanda. Malire a malo amenewa akhale mpanda wamoyo wa zomera, ndipo tichepetse misala ya mipanda ya njerwa. Koma kuti zimenezi zitheke tiyenera kuyamba tasiya chizolowezi chimene chatinyenga kwa zaka pafupifupi 50, chowerenga mbande pa tsiku lodzala n'kumaomba m'manja ngati taona nkhalango.

Mu 1976 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa tsiku lodzala mitengo, pa 21 Januwale. Pambuyo pake tsikulo lidasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka timamva pa wailesi za mbande mamiliyoni makumimakumi. Mu 2016 dziko lathu lidalonjeza pamaso pa maiko kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga. Tsono funso ndi lakuti, mitengo yonseyo ili kuti? Theka lake lokha likadapulumuka, bwenzi lero munthu akuyenda kuchokera ku Chigumula mpaka ku Luchenza dzuwa osamukhudza. Mwambo wake tonse timaudziwa. Kumabwera mlendo wolemekezeka, amapatsidwa khasu latsopano ndi kheni yatsopano, amakwirira kambande kamodzi ojambula ali pikitipikiti, kenaka magalimoto amanyamuka. Ikafika Meyi mbuzi zayamba kale ntchito yake, mu Ogasiti moto wa osaka mbewa wadutsa, ndipo chiswe chimamalizitsa zotsala. Palibe amabwerera mu Okutobala kudzawerenga. Lipoti lidalembedwa kale, ndipo m'lipotimo mitengo siifa.

Yochepa imene imapulumuka, nthawi zambiri imakhala bulugamu. Mtengo wa ku Australia umenewu tisaunyoze mopanda chilungamo. Umakula msanga, umaphukanso ukadulidwa, umatipatsa milimo ya denga ndi nkhuni, ndipo mafakitale a tiyi amaudalira poumitsa masamba. Ngakhale ntchito ya Blantyre City Fuelwood Project, imene idayamba mu 1986, idatsamira pa bulugamu pofuna kupezera anthu a mumzinda nkhuni. Koma munda wa bulugamu ndi munda, monga wa chimanga kapena wa fodya, ndipo tiziutchula choncho. Lowanimo muone. Pansi pamakhala pouma, masamba ake amachedwa kuwola, udzu umamera mwamanyazi, ndipo mlimi aliyense amene mnzake adadzala bulugamu m'malire amadziwa kuti mizere yoyandikira siibereka. Mukaudzala pafupi ndi kasupe, kasupeyo mwamupezera mnzake womwa naye madzi usana ndi usiku.

Zimene bulugamu sangatipatse ndizo zimene tataya. Bowa wambiri amene amayi athu ankazula nthawi ya dzinja amamera mogwirizana ndi mizu ya msuku, mombo ndi mtondo, kotero mitengoyo ikatha bowayo amathanso. Brian Morris, amene adagwirapo ntchito pa esiteti ya tiyi ya Zoa m'boma lomwe lino asanakhale mphunzitsi wa payunivesite ku London, adalemba mabuku okhudza bowa ndi mankhwala azitsamba a m'Malawi, ndipo nzeru zambiri za m'mabukumo adazitola kwa anthu wamba a m'midzi. Lero mdzukulu wa anthu amenewo sangaloze mwimbi kapena mpasa. Inu okonda Chichewa, nkhaniyi ikukhudzani kuposa mmene mukuganizira. Mwana wa Sitandade 7 amaloweza kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, amakhoza mayeso, koma sadang'ambepo nkhuyu n'kuona nyererezo. Mwambi ukasowa mtengo wake umasanduka phokoso loloweza. Mtengo uliwonse umene ukutha m'mudzi ukupita ndi dzina lake, mankhwala ake, chilapi chake ndi mwambi wake, ndipo palibe dikishonale imene ingabweze zimenezo.

Tili nacho chitsanzo chowawa pakhomo pomwe. Phiri la Thyolo lidali ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, yotetezedwa ndi lamulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 nkhalangoyo idagwetsedwa n'kusanduka minda, ndipo chigawo chooneka chimene chidatsala ndi cha mbali ya esiteti ya Satemwa. Kuli kambalame kamene akatswiri a dziko lonse amakatchula ndi dzina la boma lathu, Thyolo alethe, ndipo kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yotheratu. Dzina ndi lathu, koma nyumba yake tidaigwetsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatisonyeza mtengo wake wa mapiri ometedwa mpala. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe, Thyolo nayo idalira maliro ake, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Kankhalango ka pasukulu sikangagwire phiri likamagumuka, zimenezo n'zoona. Koma madzi amene amakumba zigwembe m'midzi mwathu ndi kukokolola madimba sachokera kuphiri kokha. Amayambira pa malata a makalasi ndi a tchalitchi, n'kugwera pabwalo louma gwa ngati simenti, losesedwa mpaka kuoneka mizu. Popeza palibe powalowetsa pansi, amathamangira kunjira, njira n'kusanduka mtsinje.

Kunja kuno kwatchuka njira yodzalira timinkhalango ting'onoting'ono imene imadziwika ndi dzina la Akira Miyawaki, katswiri wa zomera wa ku Japan amene adabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 2021. Njira yake ndi yosavuta kuimva. Umafufuza mitengo imene inkamera yokha pamalopo, umakonza nthaka ndi manyowa, umasakaniza mitundu yambiri, yaitali ndi yaifupi, n'kudzala mbande pafupifupi zitatu pa sikweya mita imodzi. Kenaka umaphimbira pansi ndi udzu, umapalira ndi kuthirira kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Chifukwa chothinana, mitengo imalimbirana dzuwa n'kuthamangira m'mwamba, nthambi zimakumana msanga, mthunzi umapha udzu, ndipo masamba ogwa amayamba kudyetsa nthaka. Ina imafa polimbiranapo, ndipo ndi mmene nkhalango imakhalira. Miyawaki adayamba kuyesa njirayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pa fakitale ya zitsulo ku Oita. Idafalikira ku India, ndipo mu 2015 anthu a ku Netherlands adadzala kankhalango kawo koyamba kotere ku Zaandam, ana asukulu n'kutengera.

Chofunika kuchimvetsa ndi kumene Miyawaki adatenga nzeruyo. M'dziko lake nkhalango zambiri zidali zitasinthidwa ndi mitengo ya matabwa, ndipo mitengo yeniyeni ya makolo adakaipeza itatsala mozungulira tiakachisi, m'malo amene anthu ankaopa kudulamo. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa Mmang'anja amene amadziwa nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona? Kodi n'zachilendo kwa Mlhomwe kapena Mngoni wa kwa Bvumbwe amene sangayerekeze kutola ngakhale kankhuni kumanda? Mantha anga ndi akuti njirayi idzatifika itavala suti, ili ndi dzina lachingerezi, maphunziro a masiku asanu kunyanja ndi maalawansi ake, ndipo thandizo likadzatha timinkhalangoto tidzatha nalo. Amalonda ake ena amafika pokokomeza kuti mitengo imakula mofulumira kakhumi. Zimenezo tisazimeze. Msuku ndi mombo zili ndi liwiro lake, ndipo sizimva Chijapani. Koma kuno kumtunda, kumene mvula imagwa bwino ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka m'miyezi yozizira, mbawa, mwimbi, mpasa, mtangatanga ndi katope zimakula mosakhumudwitsa. Mlendo wabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, tikalandire. Komabe sukulu yaikulu ya ntchitoyi ili kuseri kwa mudzi uliwonse.

Ndikudziwa chimene ambiri ayankhe: malo ake ati? Funsoli ndi lolemera, ndipo munthu wa ku Thyolo ali ndi ufulu wolifunsa mokweza. Tiyi adayamba kulimidwa m'boma lino mu 1908, ndipo nthaka yabwino yambiri idapita m'manja mwa maesiteti, eni dziko n'kusanduka alendo olipira thangata. Zipolowe za mu 1953 zidabuka m'boma lomwe lino, ndipo nkhani ya malo idali pamtima pake. Kuyambira 2004, pansi pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo, mabanja zikwizikwi a ku Thyolo ndi Mulanje adasamukira ku Machinga ndi Mangochi chifukwa kwawo kudalibe polima. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino. Munthu amene ali ndi kamunda kosakwana ekala simungamuuze kuti adzalemo nkhalango, angakuyeseni wamisala, ndipo angakhale akulondola.

N'chifukwa chake ndikunena za timinkhalango ting'onoting'ono pa malo a tonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Malo a mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali ndi masikweya mita 200, osakwana ngakhale theka la bwalo la ntchemberembaye. Pa mbande zitatu pa sikweya mita, pamenepo palowa mitengo 600. Ndi sukulu iti ya pulaimale imene ilibe kangodya koteroko kuseri kwa zimbudzi kapena kumapeto kwa bwalo la mpira, kumene panopa kwangodzala mapepala apulasitiki? Ndi mpingo uti umene ulibe? Kunja njirayi imadya ndalama zambiri chifukwa amagula manyowa ndi kulemba makina okumba. Ku Bvumbwe manyowa ali m'makola a ng'ombe za mkaka, zotsalira za kabichi zikuwola milumilu pamsika tsiku lililonse, mapesi ophimbira pansi timawatentha chaka ndi chaka, ndipo makasu tili nawo. Kusowa kwa malo ndi chifukwa chomveka chokanira nkhalango ya mahekitala 100. Pa nkhani ya mamita 10 ndi 20 chimangokhala pobisalira ulesi.

Izi sizikuchotsa udindo pa maesiteti, ndipo wina asagwiritse ntchito mitengo potseka pakamwa anthu ofunsa za malo. Nkhani imeneyo ikadalipo ndipo iyenera kukambidwa payokha. Koma pakadali pano, m'makwawa a maesiteti ena mwatsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe imene m'midzi idatha kalekale. Mitengo imeneyo ndiyo nkhokwe ya mbewu ya boma lonse. Chochepetsetsa chimene eni ake angachite n'kulola magulu a m'midzi ndi ana asukulu kulowa mwadongosolo kukatola njere, ndi kupatula mbali ya nazale zawo kuti muzifetsedwa mbawa ndi mwimbi pambali pa tiyi ndi bulugamu. Antchito amene amathyola tiyi amachokera m'midzi yomweyi, ndipo madzi amene esiteti imadalira sadziwa malire.

Tsopano za mipanda. Masiku ano munthu akangopeza kandalama, kapena mpingo ukangochita pepa sande yabwino, choyamba ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Njerwa zimenezo zimaotchedwa ndi mitengo, ndipo ootcha amakonda zipika zikuluzikulu za mitengo yolimba, ngakhale mango amene. Ndiye kuti timagwetsa mitengo kuti titchinge bwalo lopanda mtengo. Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za makampani, koma mauvuni akufukabe m'mbali mwa misewu. Mpanda wa njerwa umayamba kukalamba tsiku lomwe wamalizidwa, ndipo mvula yamphamvu ikabwera umatchinga madzi mpaka kugwera mwana wa mnansi. Mpanda wamoyo umalimba chaka ndi chaka. Makolo athu ankatchinga midzi ndi makola ndi nkhadze, ndipo mbuzi siidutsapo. Nthudza ili ndi minga yoletsa wakuba ndi zipatso za ana. Jerejere amakula msanga, amakonza nthaka, ndipo masamba ake ndi chakudya cha ng'ombe za mkaka zimene alimi a kuno amazisakira udzu mtunda wautali. Nsungwi zathu zimagwira nthaka m'mbali mwa ngalande n'kutipatsanso zolukira madengu. Nzeru ikufunika posankha. Utomoni wa nkhadze umapweteka maso, choncho isadzalidwe pamene pamasewera ana aang'ono, ndipo lantana, ngakhale ali ndi maluwa okongola, ndi mlendo wolanda malo amene sayenera kupatsidwa mpata.

Ena akuti m'tchire mumabisala njoka ndi akuba. Wakuba amabisala bwino kuseri kwa mpanda wa njerwa, pakuti akangodumphira m'kati palibe wodutsa m'njira angamuone. Kunena za njoka, zimatsata mbewa ndi makoswe, ndipo makoswe amatsata dzala ndi milu ya njerwa zosweka zimene zili kale pasukulu zathu. Kankhalango kokhala ndi malire olimidwa bwino ndi kanjira kodutsa pakati sikaopsa kuposa munda wa chinangwa. Chimene chimativuta kwenikweni ndi maganizo amene tidaphunzitsidwa akuti ukhondo ndi dothi lambee. Mwana amachoka kwawo ndi tsache m'mawa uliwonse kukasesa tsamba lililonse, kenaka masambawo amatenthedwa. Zaka zisanu ndi zitatu za pulaimale timamuphunzitsa ndi manja kuti tsamba logwa ndi nyansi, kenaka m'kalasi timamulembetsa kuti masamba owola amawonjezera chonde. Mwana amakhulupirira tsache, chifukwa ndilo limabwera ndi chibalo.

Funso lalikulu ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mitengo ya kumanda imakhala pamene ya mwambo wodzala mitengo imafa? Ena ati ndi mantha a mizimu basi. Mantha alipo, koma palinso zina. Manda ali ndi mwini wodziwika, amene ndi mfumu ndi adzukulu ake. Ali ndi lamulo limene aliyense amalidziwa, ndipo wolakwa amalipa nkhuku kapena mbuzi pabwalo, anthu akuona. Koposa zonse, banja lililonse lili ndi wake amene wagona pamenepo. Mbande za pamwambo zimafa chifukwa ndi za boma, za bungwe, za aliyense, ndiye kuti si za munthu. Tsono kankhalango kalikonse kamene tidzale kakhale ndi eni ake otchulidwa maina: kalasi yakutiyakuti ndi mphunzitsi wake, amayi a chigwirizano kapena a dawa, komiti ya pamjigo, gulu la alimi a mkaka. Mfumu ilengeze chindapusa cha mbuzi yolowamo ndi cha woyatsa moto. Lamulo la zankhalango la 1997 limapereka kale mphamvu kwa mafumu yopatula nkhalango za m'midzi ndi kukhala ndi makomiti oziyang'anira, choncho palibe chodikira kuchokera ku Lilongwe.

Akatswiri nawo atuluke m'maofesi. Ku Bvumbwe kuli malo a kafukufuku wa zaulimi amene akhala akuthandiza alimi pa zipatso ndi ndiwo zamasamba kwa zaka zambirimbiri, ndipo luso lofesa ndi kumezanitsa mitengo lili pomwepo. Ku Zomba kuli FRIM, kumene amasunga mbewu za mitengo. Ku Ndata kuli yunivesite ya MUST, imene idatsegulidwa mu 2014, yokhala ndi ophunzira ofuna mitu ya kafukufuku. Atipatse mndandanda wa Chichewa, wa tsamba limodzi, wonena mitengo yoyenera kumtunda, yoyenera kudambo, mwezi wotola njere zake ndi kafesedwe kake. Akafunse nkhalamba ndi asing'anga maina a mitengo ya kumanda, mwaulemu ndi mwachilolezo cha mafumu, nkhalambazo zisanapite kukagona pansi pake. Khonsolo ya boma isinthe kawerengedwe. Isamafunse kuti mwadzala ingati. Izibwera patapita zaka zitatu, mwezi wa Okutobala, n'kuwerenga imene yaima, ndipo mphotho ndi zithunzi za m'nyuzipepala zizipita kwa amene asamala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nduna yofuna kujambulitsa idikire mthunzi.

A mipingo ndi a mizikiti, inu muli ndi malo, muli ndi anthu sabata iliyonse, ndipo mawu anu amamveka kuposa a mlangizi wa zankhalango. Musanaitanitse chopereka cha mpanda wa njerwa, yezani mamita 10 ndi 20 kuseri kwa nyumba yopemphereramo. Aphunzitsi aakulu, patulani ngodya imodzi imene tsache lisafikeko. Ndipo tonsefe tikumbuke kuti mbewu sizili kutali. Mwezi wa Novembala ndi Disembala masuku amadzaza mabeseni m'misika ndi m'mbali mwa msewu, ndipo njere zake timazilavula pansi, magalimoto n'kumaziponda. Njere ya suku siichedwa kufa, imafuna kufesedwa ikadali yaiwisi, m'dothi lotapa pansi pa msuku unzake. Mwana mmodzi atatolera njere za masuku amene wadya pa sabata imodzi, ali ndi nazale. Sukulu ya ana 1,000 ili ndi mbewu zokwanira mudzi wonse, ndipo palibe fomu yofunika kusayina kuti ayambe chaka chino.